Tsamba 14 la a Profesa

Lolemba, 3 Malichi

Mndandanda wa mabuku ndi ndemanga zake ukufunika Lachisanu. A Profesa Lyimo, ondiyang'anira pa maphunzirowa, akapanda kusaina kalata yachilolezo, ulendo wanga wa kafukufuku kwathu ku Newala wapita, ndikhalenso chaka china muno m'Morogoro. Pansi pa buku lililonse pakhale mizere ingapo: likuti chiyani, anafufuza bwanji, likutsimphina pati. Enawo ndamaliza. Latsala lawo lomwe, la ulimi wa chinangwa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndaliwerenga kawiri. Analemba bwino, sindikana. Koma tsamba 14 landiimitsa mutu. Anafunsa eni makomo okhaokha, onse amuna. Ku Newala bambo anga sadziwa n'komwe kuti munda wathera pati, amangoona makaka atayanikidwa pabwalo. Ndalemba chiganizo chimodzi: "Amayi, omwe ndiwo amalima, sanafunsidwe."

Lachitatu, 5 Malichi

Koku, mnzanga wa m'chipinda, wawerenga chiganizocho tikudya tchipisi cha mazira mpaka kutsamwa. Akuti pasukulu pano buku la okuyang'anira umaliika pamwamba n'kulidzoza mafuta, basi. Akuti wina anayesapo zangazi, mpaka lero akuzungulirabe m'makonde ndi mapepala ake kukhwapa. Ndamufunsa dzina la munthuyo, sakulidziwa.

"Iwe mtsikana, ukufuna digiri kapena ukufuna kutchuka? Ine ndakutsina khutu."

Wandikwiyitsa, koma mantha wandipatsa ndithu.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndachotsa chiganizo chija. Pamalopo ndaikapo "buku lofunika kwambiri pa nkhaniyi". Manyazi.

Lachisanu, 7 Malichi

Ku ofesi kwa a Profesa. Anawerenga osalankhula, cholembera chofiira chikuchonga buku ndi buku. Atafika pa lawo anaima, n'kuvula magalasi.

"Mwajuma, bukuli munaliwerenga?"

Ndinavomera.

"Ndinafunsa amayi angati?"

Ndinati palibe, a Profesa.

"Ndiye kuti munaona. Wosawerenga ndimangomutuma akawerenge. Koma woona n'kubisa, ndikamutuma kumudzi akandibweretsera chiyani?"

Ndinafuna kunena za Koku, za wa m'makonde uja. Ndisanayambe, kalata yachilolezo ija anaibweza m'kabati osasaina. Anati akupita kumsonkhano, akabwera aona ngati ali nane ntchito. Pepala langa anandikankhira, cholembera chawo chili pamwamba pake. Kaya anachiiwala, kaya dala.

Ndili pabenchi panja pa ofesi, ndikulembera pabondo. "Lofunika kwambiri" ndakhwatcha. Chiganizo chija ndachibwezera ndi inki yawo yofiira, ndawonjezeranso nambala ya tsamba. Koku wadutsa, wasuzumira, wagwira kukamwa n'kupitirira.

Nsapato zikumveka pamasitepe. Ndi zawo.