Njinga ya Achimwene Ikunyamula Makireti

Amayi anga, kodi kwacha bwanji kumeneko? Ife kuno ku Kandeu tilipo, ngakhale kukhala kwake n'kongokankha tsiku.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi nkhope ya maliro. Mlongo wanga Agata wachira, mwana wamkazi, ndipo tam'tcha dzina lanu. Akamalira amakwinya pamphumi monga munkachitira inu nkhuku zikalowa m'dimba. Kachewere wa kumunda wa kuphiri wachita bwino, koma chimanga cha kudambo chinamira ndi madzi. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi nkhani ya achimwene, a Pasikale. Mukukumbukira tsiku lija wailesi inalengeza kuti boma lipereka njinga kwa olumala? Munasiya kusenda nyemba n'kunena kuti, "Msana wanga upume tsopano." Munali mutawabereka kuyambira pamene poliyo anawapinda miyendo mpaka ndevu zitamera: kutchalitchi, kuchipatala, kumaliro. Msana wanu unapumadi, koma m'manda. Chichokereni inu wobereka ndine, ndikaweruka kusukulu.

Njinga ija inabwera, Amayi. Anatiitanira kubwalo la mpira, amayi a chipani akuvina, wojambula akuuza achimwene kuti aseke. Inali ya matayala atatu, yopalasa ndi manja. Anazungulira nayo bwalo lonse, ana akuwathamangira m'mbuyo, ndipo pachigwiriro anamangapo kansalu kong'amba ku chitenje chanu chobiriwira chija. "Mayi akwere nawo," anatero. Alendo atangonyamuka, ayufi awiri a chipani anawatsitsira pa udzu, njinga n'kukwezedwa m'lole. Akuti ikalembedwe nambala kuboma. Pobwerera ndinawabereka.

Kumphakati kwathu kwa tchalitchi tinayamba kagulu ka olumala ndi abale awo. Timakatcha ka mapemphero, chifukwa masiku ano anthu akakumana popanda dzina la Mulungu kapena la chipani amafunsidwa mafunso. Timapempheradi, koma tikatha timagawana midzi yokayendera, kuti tikaone ndi maso ngati zonenedwa pawailesi zinafika pakhomo pa munthu. Amatitsogolera ndi Mayi Nangozo, aja ali ndi mwana wosamva. Ku Tsangano anapeza bambo wina amene anajambulidwa ali panjinga, naye n'kutsitsidwa. Chakufupi ndi Nzama, mtsikana wina chimodzimodzi. Onse awiri anakumbukira kansalu kobiriwira pachigwiriro. Njinga imodzi, Amayi, yazungulira Ntcheu yense, mwini wake ali pamphasa. Lero ili pagolosale ya tcheyamani wa chipani, ikunyamula makireti a zakumwa. Kansalu kanu sanavutike n'kukamasula komwe.

Gulu linagwirizana zokafunsa kuboma. Ine ndinkati tidikire kaye. Munkati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo zaka zanga za kuyunivesite zinangowonjezera mantha pamwambi wanuwo. Koma achimwene anandiyang'ana n'kuti, "Iwe Gerevazio, ukuopa chiyani? Kuti andithyola miyendo?" Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo tinakwera basi.

Ofesi imene tinalozeredwa ili ndi masitepe. Nditawerama kuti ndiwabereke, anandikankha. Anakwera okha ndi manja, thalauza likukhula simenti, mesenjala akuyang'ana kumbali. Bwana wa mmenemo sanawapatse moni. Anayang'ana ine, wovala tayi.

"Aphunzitsi, munthu wanuyu akufuna chiyani?"

Achimwene anayankha ali pansi pomwepo. "Pakamwa ndili napo, bwana. Ndabwera kudzatenga njinga yanga. Kodi nambala ija simunamalizebe kulemba?"

Mayi Nangozo anagwada n'kufotokoza zonse mwaulemu, za ku Tsangano, za mtsikana uja, za golosale. Bwana anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatseka cholembera chake pang'onopang'ono.

"Ndiye mukuti boma lanama?"

Amayi, funso limenelo ukaliyankha subwerera kwanu. Kenaka ndinamva mawu anga omwe akuti, "Ayi bwana, tangobwera kudzakumbutsa." Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinawapulumutsa anzanga kapena ndinawagulitsa. Mayi Nangozo akuti ndinachita bwino. Achimwene angobwerera kosoka nsapato.

Njinga sinabwere. Chimene chabwera n'chakuti ahedi andiuza kuti ndasamutsidwira kusukulu ina kumpoto, kumalire kwenikweni, teremu ikubwerayi. Akuti luso langa likufunika kumeneko. Anandiuza maso ali pawindo. A katekisi nawo atipempha kuti mapemphero aja tiyambe taimitsa, poti kwabwera anthu ofunsa za amene amafikako. Mayi Nangozo ayankha kuti azipempherera kunyumba kwawo, ndipo chitseko sadzatseka. Mayi amene uja sanaone m'kalasi, koma ine ndikakhala pambali pawo ndimadziona kuchepa.

Tsono achimwene aziberekedwa ndi ndani? Agata ali ndi khanda kumsana, mwamuna wake ali kumigodi. Ndikakana kusamuka, ntchito yatha, ndipo mwina zoposa ntchito. Ndikawafunsa eni ake amangoti, "Pita, mphwanga. Ine fumbi ndinalizolowera." Amanena akusoka nsapato za anthu oyenda, osadzutsa mutu. Munkati m'bale wako sumusiya panjira ngakhale akutukwane, ndipo kutukwanako ndikukuyembekezera, chifukwa safuna kuchoka pafupi ndi manda anu, komanso safuna kukhala katundu wa munthu.

Sindinawauzebe zimene ndaganiza. Sindikudziwa ngati nyumba ya aphunzitsi kumeneko itikwana, kapena ngati kuli anthu ong'ambika nsapato okwanira kuwapatsa chochita. Sindikudziwanso ngati ndikuchita izi chifukwa cha iwo, kapena chifukwa choopa kukagona ndekha ndi mawu aja ndinanena muofesi. Udzu ukakula pamanda anu mutikhululukire, Agata azilambula akapeza mpata.

Koma ichi chokha ndikukulonjezani. Tsiku la ulendo ndidzawerama pakhomo pa achimwene, ndipo kaya anditukwane, kaya basi itisiye, sindidzadzuka mpaka atakwera.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Gerevazio