Mchere m'dziwe la abambo

Mlongo wanga Mokbul,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira uli bwino ku Dhaka pamodzi ndi mlamu wanga Rokeya ndi ana. Kuno ku Shyamnagar tadzuka. Amayi ndi mawondo awo omwe aja.

Mwana wanga Tahmina, woyembekezera uja, ndiye sali bwino. Masiku ake ochira ayandikira, koma mapazi atupa moti nsapato sizikulowa. Kuchipatala akuti BP yakwera chifukwa cha mchere. Ndinawayankha kuti wophika ndine, mchere ndinaleka kalekale. Iwo akuti sakunena wa m'ndiwo, akunena wa m'madzi akumwa.

Kumene mcherewo ukuchokera ukukudziwa. Chitsegulireni chipata cha pakhoma la mtsinje kuti madzi amchere azilowa m'maiwe a nkhanu, dziwe la abambo limene timatungamo silimwekanso bwino. Maiwe aakulu ndi ako.

Chaka chatha ndinayenda m'maofesi. A zansomba anati iwo amaona nkhanu, osati anthu. A zamadzi anati chawo n'chipata, bola chizitseguka n'kutsekeka. Dokotala anati ntchito yake ndi mankhwala. Ndinawafunsa ngati mwana wanga ndimudule patatu kuti aliyense atenge chiwalo chake. Ananditulutsa.

Tsopano boma lasintha kachitidwe. Chipata chija pano n'chotseka, chilolezo chochitseguliranso sichituluka dokotala asanavomere, ndipo akuti cha msewu ndi cha uvuni wa njerwa n'chimodzimodzi. Pamsonkhano wa Lachiwiri, Dokotala Biswas anakana. Kapitawo wako Sobhan analalata, akuti dokotala wa anthu akudziwanji za nkhanu, kodi inabwerapo kusikelo? Anthu anaseka. Ine ndinaimirira n'kumuuza kuti munthu womwa madzi ogula a m'chigubu atseke pakamwa. Anati ine Morjina ndikhale pansi, BP ingandikwere inenso. Ndinati ikakwera ndidzagwera pa iyeyo.

Potuluka anandiuza kuti uimbira foni mnzako wamkulu uja wa ku unduna, ndipo chipata chitseguka mwezi usanathe.

Kunyengerera sindikudziwa, ndiye ndingonena. Usaimbe. Nkhanu zako zidikire, mvula itsuke dziwe, Tahmina achire. Dzina limeneli unamupatsa ndiwe. Mabwana amene samudziwa n'komwe akhala pansi n'kumuganizira. Watsala ndiwe, malume ake.

Amene wabweretsa kalatayi akupatsanso botolo. Ndi madzi a m'dziwe lija, amene amayi ndi Tahmina akumwa. Sindinathiremo kanthu. Uthire m'kapu, umupatse Rumki, mwana wako wamng'onoyo. Akamaliza kapu yonse, imba foniyo, ine sindidzakunenanso.

Allah akusunge, akupatse moyo wautali. Upereke moni kwa Rokeya ndi ana. Amayi akuti uwatumizire mafuta opaka m'mawondo.

Ndine mlongo wako,
Morjina