Fani ya bambo a Chifuniro

3 Juni
Amuna anga, bambo a Chifuniro, abwerako ku mgodi wa malasha ku Rumphi. Ntchito yatha. Amuna a anzanga amabwera ndi malata, anga abwera ndi chifani chachikulu ngati tayala la ngolo. Ati ntchito yawo inali kulondera fani yaikulu ya pamgodi kuti anthu apansi azipuma. Iyi ndi kamwana kake.

5 Juni
Aboola khoma la kuchipinda, aikapo fani. Kuno ku Tsangano, mwezi wa Juni, pamene ngakhale mbuzi zikunjenjemera! Ndinati m'nyumba muno mpweya ulimo kale. Ati, "Mpweya wakupha sununkha, mayi a Chifuniro."

9 Juni
Malamulo ngati kundende. Zitseko ziwiri osatsegula pamodzi, ati mphepo ingasochere. Mbaula m'nyumba ayi. Faniyo sikupiza, imakoka. Yakoka duku langa, yakoka ufa m'lichero. Nkhuku ya a Mervis, oyandikana nafe, yadutsamo n'kutuluka yopanda mchira. Ndakapepesa ndi ndowa ya kachewere.

14 Juni
Batire ikatha amalumikiza fani ku njinga, n'kumapalasa osapita kulikonse. Sagona. Kachewere akudikira khasu kudimba. Chimfine nyumba yonse. Ndatopa nazo. Ndauza amalume abwere Lamulungu: ichoke fani, apo ayi achoke mwini wake. Mudzi uno ndi wathu.

17 Juni
Masana bambo a Chifuniro ali kuchimbudzi ndinasolola waya wa fani. Nyumba zii. Kukoma kwake!

Posakhalitsa ndi awo, lamba ali m'manja. "Tulukani nonse!" Anandikokera pabwalo, Chifuniro naye chimodzimodzi ndi mbale yake. Ndinaseka mpaka misozi. Koma iwo anabwerera m'nyumba chokwawa, akuitana: "Steve! Mfundo! Yankhani!"

Kwathu kuno kulibe Steve. Kulibe Mfundo.

Ndinawapeza pansi pa bedi akulira. Ati tsiku lina fani ya pamgodi inazima, onse anatuluka kupatula awiriwo. Chibwerereni sanandiuzepo. Manyazi ndi chisoni zinandigwira pamodzi. Waya ndinabwezera ndekha.

18 Juni
Amalume afika m'mawa atavala jekete la milandu. Apeza mkamwini wawo ali m'tulo tofa nato, ine ndili pa njinga, bulangeti kumutu, ndikupalasa. Batire inali itatha. Afunsa kuti akuchoka ndani.

Ndati palibe. Koma asapite msanga, miyendo yanga ikatopa akwerapo ndi iwo.