Galimoto Unandisungitsa Ija

Obaid, mwana wa mlongo wanga,

Mtendere ukhale nawe. Kuno tili bwino, kanjedza wabereka. Akundilembera ndi mkamwini, choncho sindichulutsa.

Galimoto yako yaliwiro ija ndinapita nayo kubwalo lothamangitsira magalimoto. Mlangizi, mtsikana dzina lake Shamsa, anati, "Amalume, pakona muziyamba kuponda buleki, liwiro litsike, kenako mutsitse giya."

Ndinati, "Mwana iwe, zaka makumi anayi ndatsetsereka mapiri ndi lole. Buleki yanga ndi giya."

Ndikuthamanga choncho, ndinachotsa yachisanu n'kulowetsa yachiwiri. Injini inalira ngati ngamila ikuzingidwa, kenako zii.

Shamsa sanaseke. Bola akanaseka.

Ukabwera pa Idi, usathamangire kugalaja. Uyambe wamwa khofi.

Ndine malume ako,
Ghanim