Chimene Deliwe Sanafikire ku Durban

Senga Bay, Salima
17 Ogasiti 1997

Wokondedwa mng'ono wanga Molly,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa alamu a Harry ndi wa khanda lija Madalo. Kuno tadzuka, kungoti alamu ako a Binali chifuwa chawagwira chifukwa cha mwera wa chaka chino, umene ukuletsa ndi asodzi omwe kulowa m'madzi. Achimwene a Lodwick ali bwino ku Maganga, mpunga anamaliza kupuntha.

Pamene kalatayi ikufika ukhala utamva kale kuti mwana wako Deliwe sanabwere ndi mayi Janet. Ndikudziwa kuti unakonza pogona pake, mwinanso unakamudikira kusiteshoni. Usawaimbe mlandu mayiwo, usamuimbenso mlandu mwana. Ndine ndinamutsitsa m'basi.

Usaganize kuti sindinafune kuti apite. Pasipoti yake ndinakaitenga ndekha. Ndinamusoketsera madiresi awiri, ndinamuluka tsitsi, ndipo iwe ndinakumangira usipa wouma ndi mpunga wa kilombero umene unkaulakalaka. Anzake akusukulu anayamba kale kumutchula kuti wa ku Joni, iye n'kumamwetulira.

Chithunzi unatumiza chija ndinamuonetsa, chimene wavala thalauza, watsamira chitsulo cham'mbali mwa nyanja, Madalo ali m'manja. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mayi ameneyo ndi iwedi. Ndinaseka n'kumuuza kuti ndi iwedi. Unamusiya ali ndi zaka zinayi, Molly. Pano ali Sitandade 3.

Tinafika bwino kudepoti ku Lilongwe. Mayi Janet tinawapeza ndi zikwama zawo za geni, ndipo Deliwe anamupatsa malo a pawindo. Tikucheza panja ndi pamene anandiuza kuti iwo ku Durban safikako, ulendo wawo umathera ku Joni kumene amagula katundu. Anati kumeneko mwana akamupereka kwa bambo wina woyendetsa lole, mnzawo wa a Harry. Nditafunsa dzina, anati mwina ndi a Masiye, koma nkhope yawo sanaionepo. Zimenezi m'kalata yako munalibe. Mwina iwenso sunkadziwa.

Ndili chiimire, Deliwe anandikodola pawindo. Sankalira ayi. Anakhala mowongoka, kachikwama kali pamiyendo, n'kundifunsa motsitsa mawu:

"Amayi aakulu, ndikakafika ndikawadziwa bwanji? Nanga iwo akapanda kundidziwa, ndikapite kuti?"

Injini inali italira kale. Ndinangozindikira ndili m'kati mwa basi, ndikupanikizana ndi anthu, mpaka ndinamugwira dzanja. Kondakitala ananditukwana. Mayi Janet anakuwa pamaso pa anthu onse kuti ndikukakamira mwana wa eni ake chifukwa ndilibe wanga.

Mawu amenewo anandilowa, ndipo sanatulukebe. Ukudziwa kuti Mulungu sanandipatse mwana. Ndikamachapa kunyanja ndimadzifunsa ngati ndinamutsitsa poopa bambo wosadziwikayo kapena poopa nyumba yazii. Ndikunena zoona, sindikudziwa. Mwina zonse ziwiri.

Achimwene a Lodwick anabwera panjinga atangomva. Anayamba ndi kundikalipira kuti mwana ndi wa mayi wake, ndipo nkhani yotere sindikanaigamula ndekha iwo malume wake alipo. Atamva za a Masiye anasiya kukalipa. Pochoka anati ngakhale mbuzi yawo sangaipereke kwa munthu amene dzina lake akuchita kuliganizira. Komabe anandilamula kuti ndikulembere ndekha ndipo ndisabise kanthu.

Ndinkayesa kuti Deliwe asangalala tikabwerera. Sizinatero. Anzake amamuseka kuti Joni wake anathera ku Lilongwe, ndiye akaweruka kusukulu amangokhala pakhonde. Kachikwama kaja akukana kuti ndikamasule. Madiresi akadali momwemo, sanawavalepo. Tsiku lina anafunsa a Binali ngati mayi akakwiya amatha kusiyiratu kufuna mwana wake, makamaka akakhala ndi wina wamng'ono. A Binali analephera kumaliza kudya.

Ndikakumbuka mmene zinayambira, mtima umandiwawa. Atakuchotsa ntchito kuhotela kuja, bambo wa Deliwe atakuthawa, tonse tinaona kuti mwayi wa ku Durban sungautaye. Ndinakuuza kuti upite, mwana ndisunga, chaka chimodzi si kanthu. Makalata ako a ku South Beach ndinkawawerengera amayi anzanga monyadira: nyumba yanu yosanjikizana imene mumakwera pachikepe, sitima zikuluzikulu zodikira pamzere, magetsi osazima, mchere wodya zitsulo za mawindo. Unalembanso kuti nyanja ya kumeneko sungamwe, sungachapemo, umangoiyang'ana. Ife tinkaseka. Sitinaganize kuti chaka chimodzi chija chidzabala zinzake, mpaka mayi ndi mwana kusadziwana nkhope.

Sindikukudzudzula. Ndikudziwa kuti umadzuka mbandakucha kukakolopa zipinda za alendo, ndipo tikamaphika ndi mafuta kuno ndi thukuta lako. Ndikudziwanso kuti tikiti imene inapita pachabe ija sunaitole pansi. Pepa, m'bale wanga.

Pempho langa ndi limodzi. Ubwere wekha. Pempha tchuthi sukulu zikatseka, ubwere ndi Madalo kumsana. Udzakhale naye Deliwe ngakhale sabata imodzi, udzamusambitse, udzamukalipire akalakwa, adzazolowere mawu ako ndi fungo lako. Ukadzatero ine sindidzatsekereza. Chikwama chake ndidzachisenza ndekha mpaka kudepoti, ndidzaimirira pomwepo kufikira basi itakhota. Zolira pobwerera ndi zanga, zisakudetse nkhawa.

Koma ukapanda kubwera, sindimupereka kwa munthu wina aliyense, ngakhale undide. Ndati ndinene lero kuti usadzati ndinakunamiza.

Undiperekere moni kwa alamu a Harry, uwauze kuti sindinawanyoze. Madalo umupsompsone m'malo mwanga. A Binali, achimwene ndi amayi a kumpingo onse akupereka moni.

Ndisanatseke ndamuitana Deliwe kuti anene choti ndikulembere. Waganiza kwa nthawi, akukanda pansi ndi chala chakuphazi, kenako wanena mawu awa, ndipo ndawalemba mmene wawanenera:

"Muwauze kuti sindinakane ine. Ndinali nditakhala kale pampando."

Mulungu akusunge kumeneko ndipo akutsegulire njira yobwerera kuno.

Ndine mkulu wako,
Eveles