Nthenga zofiira kuseri kwa nkhokwe

Lachiwiri, Epulo 1956. Lero mtima wandiwawa.

Chibwerere kuno ku Kabudula kudzakhala pachikamwini, chondikumbutsa kwathu ku Dedza chinali chimodzi: timbalame tiwiri ta msana wofiira tomwe ndinatipeza m'kamsitu ka kuphiri. Ndi tamanyazi, timadya njere za udzu pansi pamthunzi, ndipo kwathu timakhala m'nkhalango za m'mapiri mokha.

Ndinauza munthu mmodzi basi, mkazi wanga Nabanda. Ndinamutengera komweko n'kumuonetsa chisa, chozungulira ngati chipanda, khomo lili m'mbali. Analonjeza kuti sauza aliyense.

Masana ano, pochokera kothyola fodya, ndapeza nthenga zofiira kuseri kwa nkhokwe. Kani Nabanda anauza achimwene ake, iwo n'kukatchera ulimbo pachisa pomwepo. Nditamufunsa, sanasiye n'komwe kupeta.

"Kodi bambo wamkulu ngati inu n'kumadandaula mbalame?" anatero. "Phirilo ndi la kwathu, eti?"

Zoonadi, mkamwini alibe phiri. Koma chomwe chikundinyansa n'chakuti kanyama kootcha komwe Nabanda anandipatsa m'mawa kaja ndinadya, n'kuthokoza.