Kachikwangwani ka pa Chitseko cha 412

LACHITATU

07:04 Achemwali: no. 6. breakfast munalipira kale limodzi ndi chipinda, musachite manyazi. imatha 10. idyani mokhuta, masana mungogula kena kake kopepuka

07:04 Achemwali: no. 7. kafiriji ka mchipindamo MUSAKHUDZE. madzi mudzaze mbotolo lanu musanatuluke

07:05 Achemwali: no. 8. pa reception tengani kakhadi ka hotela, kali ndi adilesi. mukasochera mungomuonetsa wa takisi, osalimbana ndi chilankhulo cha eni ake

07:06 Achemwali: mzime ukuwerenga?

07:29 Mzime: ndikuwerenga sisi. dzulo munathera pa 5 ndimayesa zatha

07:29 Achemwali: zilipo 14

07:30 Mzime: eish. munthu wake simunakwerepo ndege ndi kamodzi komwe kkkk

07:31 Achemwali: zaka 9 ndikugulitsa matikiti a ndege, aliyense akabwerako amadzakhuthula madandaulo pa desiki yanga. ndikudziwa zomwe ndikunena. usandiyambe mmawa uno

07:32 Achemwali: tsopano ndiuze bwinobwino. dokotala wa maso uja dzulo anati chani? pa foni unangoti tikamba

07:41 Mzime: zomwe ananena wa kwathu uja. mtsempha unafota kale, opaleshoni siingathandize. miyezi ingapo, mwina chaka. kenako mdima

07:42 Mzime: Amayi anangoti zikomo adokotala, nkuyamba kupinda kansalu ka pabedi lopimira lija

07:55 Achemwali: ok

07:58 Achemwali: ndiye mwatsala ndi masiku awiri, ndege ndi Lachisanu madzulo. ndikufuna aone zinthu maso akadalipo. lero munda wa maluwa ndi boti la pamtsinje. mawa nsanja yaitali ija, ndabukitsa ya 10 koloko. ukachedwa salowetsa

08:01 Mzime: muwauze nokha. zolemba mu gulu muno sawerenga, akuti tizilembo tikuvina. atumizireni mawu

08:01 Mzime: panopa ali ku 412 akupukuta galasi la kubafa

08:02 Achemwali: akutani??

08:03 Mzime: adzuka 5. bedi ayala, matawulo apinda, zinyalala amanga mjumbo. pachitseko apachika kachikwangwani kofiira kaja koti musasokoneze. chifikireni sanakachotse

08:06 Achemwali: 🎤 0:24 Amayi, mwadzuka bwanji? Amayi, kumeneko ndinu mlendo. Zaka 31 mwakonza zipinda za anthu m'hotela mpaka msana kupindika, pano munapuma. Kachikwangwaniko katembenuzeni mbali yobiriwira yoti akonze chipinda, wokonza alipo. Inu pitani mukadye, mukaone maluwa.

08:19 Amayi: 🎤 0:31 Ndadzuka mwanawe, kaya iwe ndi ana? Wokonzayo ndakumana naye. Ndi mayi wa msinkhu wako, akukoka mwendo wakumanzere. Kolido yonse ino ali yekha. Ndawerenga zitseko ndi dzanja, zilipo 18. Ndiye ine ndimuwonjezere changa? Iyayi. Ndikubwera, ndingomaliza sinki yokha.

10:12 Mzime: breakfast yatipita

10:12 Achemwali: no. 6 mzime. NO. 6

10:13 Mzime: ndiye ndiwabereke kumsana?

10:20 Achemwali: chabwino. no. 9. osadya pafupi ndi malo okaona alendo. lowani kanjira ka kuseri, pomwe pali mzere wa anthu ovala za kuntchito. mukalephera kuwerenga menyu lozani mbale ya munthu wina

13:40 Mzime: no. 9 yagwira, tadya bho

13:41 Mzime: koma Amayi asonkhanitsa mbale za patebulo la anthu ena kuti weta asavutike. ndinalakalaka nthaka itang'ambika

13:44 Achemwali: maluwa?

15:25 Mzime: tinafika. anakhala pabenchi pa geti, akuti iwe pita ukaone udzandiuza. patangotha mphindi 20 akuti tiye tibwerere, mnzanga uja amaweruka 4 koloko, ndikamutsanzike

15:26 Achemwali: mnzawo uti

15:26 Mzime: wokonza zipinda uja

15:27 Achemwali: akumvana chilankhulo chanji?

15:27 Mzime: palibe. amangolozerana misana nkumaseka

15:28 Achemwali: nanga boti?

16:30 Achemwali: mzime boti

17:48 Mzime: sisi ndatopa. ku galaja ndimaswera pansi pa galimoto tsiku lonse koma sinditopa chonchi

17:55 Achemwali: tonse tatopa. mawa basi, mawa lokha. pls

LACHINAYI

06:50 Achemwali: lero osasewera. no. 10. nyamukani 9, mzere wa lifiti ya kunsanja umatalika. no. 11. nsapato zofewa. no. 12. mankhwala a mmaso ndi chithunzi cha pasipoti mchikwama, pasipoti yeniyeniyo itsale mu kabokosi kokiya ka mchipinda

08:34 Mzime: tadya breakfast. ndachita kuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika koma tadya

08:35 Achemwali: 👏🏾👏🏾

08:35 Mzime: akuti akavale juzi. 9 tikunyamuka

09:06 Mzime: sakutsegula

09:09 Mzime: foni ikuitana mkatimo

09:09 Achemwali: pita ku reception akutsegulire

09:21 Mzime: mulibe. bedi loyala, juzi ili pampando

09:21 Achemwali: mayo ine. kakhadi ka hotela ali nako?

09:22 Mzime: kali patebulo apa

09:22 Achemwali: munthu wosaona bwino, dziko la eni. tuluka uyang'ane mumsewu

09:31 Achemwali: mzime

09:40 Achemwali: yankha iwe

09:52 Mzime: ndawapeza

09:53 Mzime: mkachipinda kosungira nsalu kumapeto kwa kolido. akupinda matawulo ndi mnzawo uja. kangolo kake kaguluka tayala, amanyamula zonse pamanja. akuti sakanangodutsa ngati sanaone

09:58 Mzime: tayalalo ndalibwezera, linangofunika nati

10:01 Achemwali: 10 koloko yakwana

10:01 Mzime: wotchi ndili nayo

10:07 Achemwali: 🎤 0:37 Amayi, ine ndakwiya, ndipo ndinene. Matikiti aulere a kuntchito kwanga aja ndinawadikira zaka zitatu. Akanakhala anga, ndikanakwera ndege nanenso, koma ndinati apite Amayi akaone dziko. Maso anu akutha, Amayi! Akutha! Chaka chamawa muzidzakumbukira chiyani? Matawulo? Matawulo simunawaone zaka 31?

10:41 Mzime: amvera kawiri. alowa mchipinda atseka

12:15 Achemwali: adya?

12:16 Mzime: ayi

12:30 Achemwali: ndili ndi kasitomala pano akufunsa hotela yokhala ndi windo loyang'ana kunyanja, ine misozi ili lengelenge. ndalankhula kwambiri eti

12:44 Mzime: mwanena zoona. koma mwanena mokweza

14:02 Achemwali: ukadali pakhomo pawo?

14:03 Mzime: ndakhala pansi mkolido. mnzawo uja wandipatsa pilo

15:20 Amayi: 🎤 1:14 Mwana wanga, ndakumva, ndipo sindinakwiye ayi. Koma pali chimene ndakubisirani nonse awiri. Pawindo la chipinda chino mlongo wakoyu akuti pakuoneka mtsinje ndi milatho. Ine ndimangoti eee, kukongola. Sindikuona kanthu mwanawe, ndi utsi woyera basi. Dzulo ku maluwa chimodzimodzi, nchifukwa chake ndinakhala pabenchi. Zakutali zinandithawa chaka chatha chomwe. Chimene chatsala ndi chapafupi, chofika pomwe pafika mkono wanga. Ngodya ya thaulo ndimaiona. Manja a mnzangayu ndimawaona, ndi ong'alukang'aluka ndi sopo ngati anga omwe. Ndikanakwera nsanja yako ija, ndikanatsika nkukunamiza kuti ndaona. Ndatopa nako kunama.

15:58 Achemwali: mzime umadziwa?

15:59 Mzime: ayi. masiku onsewa ndakhala ndikuwalozera milatho ngati chitsiru

16:20 Achemwali: 🎤 0:19 Pepani Amayi. Pepani kwambiri. Ndiye ndiuzeni inuyo, chapafupi chimene mukufuna kuona ndi chiyani? Kwatsala mawa m'mawa basi.

17:35 Achemwali: amvera?

17:37 Mzime: amvera. tatuluka, tadya pa kanjira kadzulo kaja.

17:40 Achemwali: no. 13 ndi 14 zisiye

17:41 Mzime: zinali za chani

17:46 Achemwali: za basi yozungulira tauni. kulimbirana mpando wa pawindo. zisiye

LACHISANU

07:48 Mzime: 📷 chithunzi

07:48 Mzime: sisi taonani

07:50 Achemwali: chitseko chokha?

07:50 Mzime: kachikwangwani. ndi kobiriwira. atembenuza okha

07:52 Mzime: ndipo bedi sanayale. nsalu zili bwerekete mmene adzukira. akhala pampando atavala za paulendo, manja pamaondo, ngati ali pamzere wa kuchipatala

07:53 Achemwali: koma lero mukutuluka 12. tsiku lotuluka sakonza mpaka mlendo apite

07:54 Mzime: ndawauza. akuti ndikudziwa, usandiphunzitse ntchito

08:20 Mzime: mnzawo uja wabwera! waona kobiriwirako, waima, waseka. zipinda zina zonse wazidumpha wayamba ndi muno

08:22 Mzime: Amayi aimirira kuti agwire mbali ina ya nsalu. wawakhazika pansi

08:23 Mzime: aimiriranso. wawakhazikanso, wawaopseza ndi chala kkkk

08:25 Mzime: akokera mpando pafupi penipeni ndi bedi. akungoyang'ana manja ake

08:27 Mzime: sisi ine ndituluke kaye

08:28 Achemwali: ukulira?

08:28 Mzime: ndi fungo la sopo

09:05 Amayi: 🎤 0:58 Mwanawe, ndaona. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndimayalira anthu, ndikamaliza ndimakoka chitseko ine ndili kunja. Sindinaonepo mmene zimakhalira munthu akamakuyalira iwe uli pomwepo. Mnzangayu amapinda ngodya mosiyana ndi ife, amayambira kumiyendo, koma nsalu yake salalaa, yopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Mapilo wawamenya kawiri nkuwaika, kenako wagwada wandivula nsapato. Ndikudziwa kuti tikapita ayalanso kachiwiri, ntchito ndamuwonjezera. Ndamusiya. Zikomo mwana wanga, ulendo wako ndaudya. Tsopano ndigonepo pang'ono.

09:31 Mzime: agona. akuliza mkonono ngati jenereta

09:32 Mzime: masutikesi ndalongeza. ndiwadzutse 11?

09:50 Achemwali: no. 15. iyi sinali pa list

09:50 Achemwali: pita ku reception upemphe late check out. ukapempha mwaulemu amalola mpaka 2

09:51 Achemwali: usawadzutse